Galimoto Yosatha ya Madala a ku Longbridge

Ndinafika ku Birmingham pa viza yosamalira okalamba, ine munthu amene manja anga anakulira m'girizi. Kwathu ku Lilongwe ndinali ndi kashedi kowotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo ekizozi ya minibasi ndinkaidziwa kuposa nkhope za apongozi anga. Koma viza ija inanena mosabisa kuti ntchito yanga ndi kusambitsa, kudyetsa ndi kupereka mankhwala, pansi pa kampani imodzi yokha imene inandiitana. Kampaniyo ikasowa pokuika, viza nayo imagwa, ndipo amakupatsa kanthawi kochepa kuti upeze ina kapena unyamule chikwama. Anzathu angapo amene tinkapemphera nawo ku Aston anali atagwa kale m'mbuna imeneyi, moti ankagona pa masofa a anzawo.

Ine anandiika m'nyumba ya bambo wina wokalamba ku Longbridge, kuti ndizigona konko. Mayi wa ku ofesi ya kampani ija anandiuza poyera kuti anthu ambiri safuna kusambitsidwa ndi mwamuna, ndiye nyumba imeneyi ndiyo yokha imene ali nayo ya ine. Choncho ntchito yanga, bedi langa ndi viza yanga zonse zinali pa mpando umodzi wa pabalaza, pamene pankakhala mwini nyumbayo ataphimba mawondo ndi bulangeti. Akangochoka m'nyumbamo, kaya kupita kumanda kaya kumalo osungirako okalamba, nane ndiye kuti zanga zada. Ndinkawasamala ndi mtima wonse, sindinama, koma akatsokomola pang'ono mantha ankandigwira kawiri, ena a iwo ena a ine.

Anandiuza kuti ndiziwaitana ndi dzina lawo loyamba, koma lilime langa linakana. Munthu wa msinkhu wa agogo anga ndimutchule dzina ngati tinavinidwa limodzi? Ndinkangoti bwana, ndipo mumtima ndinkati madala. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto imene inali pafupi pomwepo, pamene lero pali mashopu ndi nyumba zatsopano. Miyendo inali itawataya, manja ankanjenjemera, koma mutu unali bwinobwino ndipo pakamwa panali pakuthwa. Tiyi wanga ankamunena kuti ndi madzi otsukira makapu.

Nyumba ija inanditsekera. Sindinkaloledwa kuwasiya okha kupatula kanthawi ka masana, kongokwanira kufika kumashopu, kugula khadi la foni ndi kubwerera. Kutchalitchi ndinkapita mwa apo ndi apo, akapezeka wondigwirira. Masiku ambiri dziko la England lonse ndinkaliona pa zenera la kukhitchini, mpanda wa matabwa ndi mabini a aneba. Akazi anga akaimba foni n'kufunsa kuti Birmingham ndi wokongola bwanji, ndinkawauza kuti ndiwayankha ndikadzamuona.

Malo okhawo amene tonse awiri tinkapumirako anali galaja. M'menemo munali galimoto yakale ya ku America, yofiira, yaitali ngati bwato, ya injini yaikulu yodzaza boneti yonse. Madala anaigula atangopuma pantchito, ndipo anaisamutsa chiwongolero okha, kuchoka kumanzere kupita kumanja, kuti igwirizane ndi misewu ya kuno. Zonse zinali zitatha, penti, mipando, mabuleki. Chinatsala chinthu chimodzi. Anali ataika mapaipi atsopano onyezimira otulutsa utsi m'injini, amene amakaniko amawatcha mahedasi. Mapaipiwo anapangidwira galimoto za chiwongolero cha kumanzere, ndiye mbali ya kumanja sanasiye njira. Paipi imodzi inkakhudza shafiti, chitsulo chimene chimatsika kuchokera ku chiwongolero kupita ku matayala. Ukapotoza chiwongolero, chitsulo chinkakwecha paipi n'kuima. Ukaliza injini, paipi inkatentha n'kuyamba kupsereza labala ya pa mfundo ya shafitiyo. Galimoto inkalira bwino kwambiri, koma sikanatha kukhota ngakhale potuluka pageti.

Masana alionse ndinkawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka m'galajamo. Iwo ankakhala pambali ndi tochi, ine n'kukhala manja awo. Tinkayeza mpata. Mawa lake tinkayezanso. Ankaitanitsa kachitsulo kena ku America, tidikire milungu, kabwere, akayang'ane m'manja n'kunena kuti si kameneko. Tsiku lina tinamasula mapaipi onse a mbali imeneyo, ndinaganiza kuti lero ndi lero, koma anangondiuza kuti ndiwapukute n'kuwabwezeretsa momwe analili. Ndinkapsa mtima mwakachetechete. Vuto limeneli ku Biwi ndi la m'mawa umodzi, kasitomala akudya chimanga chootcha panja.

Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Bwana, paipi iyi tingoitenthetsa pamene ikukhudzapa, n'kuimenya pang'ono kuti ilowe m'kati. Pansi pa injini tiikepo mawashala, inyamuke pang'ono. Basi yatha."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Hamala pa mapaipi anga? Mnyamata iwe, kandiphikire madzi otsukira makapu aja."

Ndinapita kukhitchini ndikung'ung'udza kuti Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinatenga kuti ndi ukalamba chabe, kuti munthu akakula amaopa kugwira chinthu mwamphamvu, ndiponso kuti azungu amakonda kunyezimira kwa chitsulo kuposa ntchito yake.

Lamlungu lililonse kunkabwera mwana wawo wamkazi, mayi wa msinkhu woposa wanga, wotopa nthawi zonse, woyenda ndi makiyi m'manja ngati akuchoka kale. Sanali munthu woipa. Ankandibweretsera mabisiketi ndi kundifunsa za ana anga. Koma anali atapeza kale malo osungirako okalamba pafupi ndi kwawo, ndipo nkhani imeneyi sinkachoka pakamwa pake. Akangovula jekete, funso loyamba kwa bambo ake linali limodzi.

"Dadi, galimoto ija yatha?"

"Ikukhudzabe," ankayankha madala.

Mayiyo ankapumira m'mwamba, n'kuyang'ana kudenga. Ine ndinkamva ngati akuwanyoza. Kenako Lamlungu lina ndinamumva akulankhula pa foni m'khonde, akuuza mwamuna wake kuti zaka zonsezi bambo akulimbana ndi paipi imodzi, kuti zimenezi zafika pokwana, ndipo sangapitirize kukhala m'nyumba ya masitepe ngati imeneyi. Ndinamva kuti galimoto ija yasanduka umboni wakuti mutu wa madala wayamba kubalalika, ndipo umboni umenewu ndi umene udzawatulutse m'nyumba, ine pambuyo pawo.

Ndinalingalira sabata yonse. Kwathu mwana saonerera wamkulu akulimbana ndi katundu. Sufunsa n'komwe, chifukwa ukafunsa wamkulu amakana, ulemu wake umamuuza kuti akane. Umangolandira katunduyo, iye n'kumatsatira pambuyo akudandaula koma mtima uli mbee. Ndinaganiza kuti madala akukana mwa mtundu umenewo. Ndikawakonzera mwakachetechete, Lamlungu adzauza mwana wawo kuti yatha, ulemu udzakhala wawo, mayiyo adzaona kuti bambo ake akadali munthu wotha zinthu, ndipo tonse awiri tidzatsala m'nyumbamo. M'mutu mwanga zinali zowongoka bwino.

Mpata unapezeka tsiku limene galimoto ya chipatala inadzawatenga kukawaunika mtima, zimene zinkatenga tsiku lonse. Ndinaimbira mnzanga wina wa ku Zambia amene tinkaimba naye kwaya. Mlamu wake ankakonza magalimoto ku Bilston, ndiye anandibwerekera moto wa gasi. Anafika nawo m'mawa atangoweruka ku shifiti, maso ali psuu.

"Iwe mudala, uli pa care visa," anatero akutsitsa botolo la gasi. "Ba agency bakamvela ati unayasha moto pa nyumba ya client, bazakucancela sponsorship same day."

"Aise, imeneyi si job. Palibe akundilipira. Ndikungothandiza munthu wamkulu."

"Wabafunsa bene bake?"

"Ndikawafunsa akana."

"Ndiye problem yamene iyo," anatero, koma anavula jekete n'kundigwirira tochi.

Sindibisa, m'mawa umenewo ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse chifikireni m'dziko lino. Ndinapaka choko pa shafiti, mnzanga n'kupotoza chiwongolero uku ndi uku, choko n'kusiya chizindikiro pa paipi pamalo enieni pamene pankakhudza. Ndinamasula mabawuti, tinatulutsa mapaipiwo kuseri kwa nyumba, kutali ndi petulo. Ndinatenthetsa pamalopo mpaka panafiira, ndinagoneka chitsulo chobulungira pamwamba pake, n'kumenya chitsulocho, osati paipi, pang'onopang'ono, kuti dzenje likhale losalala ndipo utsi usasowe njira. Manja anga anakumbukira okha. Fungo la chitsulo chotentha linandifikitsa kwathu, moti ndinayamba kuimba nyimbo za kwaya mnzanga n'kumandiseka. Kenako tinanyamula injini ndi jeke, ndinalowetsa mawashala pansi pa phazi lake la kumanja, n'kumanganso zonse. Pakati pa paipi ndi shafiti panatsala mpata wolowa chala changa. Chiwongolero chinazungulira mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri popanda phokoso. Tinaliza injini, inagwedezeka mmene imagwedezekera, koma sizinakhudzane.

Mnzanga anapita kukagona. Ine ndinasesa m'galaja, ndinasamba m'manja ndi sopo wotsukira mbale mpaka girizi yense anachoka, n'kuvala yunifolomu yanga.

Madala anabwera chakumadzulo atatopa. Ndinawapatsa tiyi ndi mankhwala, koma chimwemwe chinkandiyabwa, sindikanatha kudikira mawa. Ndinawauza kuti ndili ndi choti ndiwaonetse. Ndinawakankha mpaka m'galaja, ndinawanyamula n'kuwakhazika pa mpando wa dalaivala, n'kuika manja awo pa chiwongolero.

"Tapotozani, bwana."

Anapotoza kumanja. Chinapita mpaka kumapeto. Anapotoza kumanzere, pang'onopang'ono, akumvetsera. Anabwerezanso. Ndinkadikira kuti aseke kapena andikalipire za hamala, zonse ndinali nditazikonzekera. Koma iwo anangondiuza kuti nditsegule boneti ndi kuwabweretsera kagalasi kawo ka ndodo yaitali. Ndinawatsitsa, anaunika pansi nthawi yaitali.

"Unagoneka chitsulo pamwamba, sunamenye paipi mwachindunji," anatero.

"Eya, bwana."

"Mawashala waika angati?"

"Awiri."

"Nanenso ndikanaika awiri."

Munthu amene wasokonezeka mutu salankhula chonchi. Anazimitsa tochi n'kuiika pa mawondo.

"Ukuganiza kuti sindinkadziwa? Ndapinda mapaipi iwe usanabadwe. Tsiku limene ndinamanga mahedasi amenewa ndinaona pofunika kumenya."

"Nanga bwanji simunamenye, bwana?"

Anandiuza. Akazi awo atamwalira, mwana wawo anafuna kuwasamutsa nthawi yomweyo. Anakangana kwambiri, mpaka madala anamupempha, atagwira dzanja la mwanayo, kuti awalole amalize galimoto yokha. Analonjeza kuti tsiku limene idzathe kutuluka pageti yokha, adzaigulitsa, adzagulitsa nyumba, ndipo adzapita kumene mwanayo akufuna popanda kulimbalimba. Mwanayo anavomera, ndipo nayenso anasunga mawu ake zaka zonsezi, ngakhale kuti zinkamuwawa. Funso la Lamlungu lija silinali chipongwe ayi. Linali pangano lawo.

Ndinakhala pansi pa simenti. Mantha ndi manyazi zinandigwira nthawi imodzi, ndipo ndinakwiyanso, ndinakwiyira madala chifukwa chosandiuza, ngakhale ndinkadziwa kuti nkhani za m'banja mwawo sanayenera kuuza wantchito. Mawu a mnzanga wa ku Zambia anandibwerera. Safunsa adadya phula.

"Bwana, palibe amene akudziwa," ndinatero. "Ndichotsa mawashala aja pompano. Paipi ndiitenthetsanso, ndiikankhe ibwerere. Pofika Lamlungu izikhudza ngati kale."

"Ayi."

"Ndi ntchito yochepa, bwana."

"Ndati ayi. Mwana wanga sindinamunamizepo. Lamlungu lililonse ndinkamuuza kuti ikukhudza, ndipo inkakhudzadi. Kusakonza chinthu ndi nkhani ina. Kuwononga chinthu chimene chakonzedwa bwino kuti ndikanamize mwana wanga, zimenezo sindingachite."

Ndinawachonderera, ndipo apa sindinkachondereranso za iwo. Ndinawauza zimene sindinawauzepo, kuti kampani ilibe nyumba ina yondiika, kuti akachoka ine nditsala pamsewu, kuti ana anga kumudzi akudya kuchokera m'nyumba muno. Ndinagwada, mmene timagwadira kwathu, pa simenti yozizira. Iwo anachita manyazi, anayang'ana kumbali.

"Dzuka, mnyamata. Ndikudziwa zonsezo. Ukuganiza kuti chaka chino ndinkayezabe paipi imeneyi chifukwa cha ine ndekha?"

Anandiuza kuti ndiwabweze m'nyumba chifukwa kwazizira. Ndikuwavula nsapato anandigwira paphewa n'kunena kuti ntchito ndagwira yabwino, ndipo kuti pa fakitale paja akanandilemba. Mawu amenewa anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Masiku otsalawo ndinkayembekezabe kuti asintha maganizo. Kawiri konse ndinalowa m'galaja ndekha, sipanala m'manja, n'kuima pafupi ndi injini. Koma ndinali nditaphunzira kale zimene zimachitika ukathandiza madala amenewa osawafunsa, ndiye ndinabweza sipanala pamalo pake. Lamlungu mwana wawo atabwera, anamuuza okha kuti galimoto yatha, iye asanavule n'komwe jekete. Mayiyo analira, anawakumbatira, kenako anabwera kukhitchini kudzandithokoza, chifukwa madala anamuuza kuti manja anali anga. Anati ndine mngelo. Ndinangoti zikomo, ndikutsuka kapu imene inali yoyera kale.

Zinthu zinayenda mofulumira kuposa mmene ndinkaganizira. Malo aja anali okonzeka. Ndinaimbira ku ofesi, mayi uja anati pepani, pakadali pano palibe kasitomala wina wofuna mwamuna, andiimbira zikasintha, ndipo chipinda ndichokemo tsiku limene madala achoke. Ndinayamba kufunsa ku tchalitchi ngati pali amene ali ndi sofa yopanda munthu.

Galimoto inagulidwa madala asanasamuke. Wogulayo anali bambo wonenepa wa ndevu, mwini kagalaja kokonza magalimoto akale chakumpoto kwa mzinda. Madala anakana kutuluka, anati aonera pa zenera, ndiye amene ndinamuonetsa galimotoyo ndinali ine. Bamboyo anagona chagada pansi pake ndi tochi, anakhalako ndithu, kenako anatuluka akudzikuntha fumbi.

"Dzenje la pa paipi lija anamenya ndani?"

Ndinati ndine.

"Ndi moto ndi hamala basi?"

Ndinavomera. Anandifunsa ngati ndimawotcherera, ndinati ndi ntchito imene ndinakulira. Anati wakhala akufunafuna munthu wotere kwa nthawi yaitali, anyamata a masiku ano amangodziwa kusintha zitsulo zatsopano, ndipo ali ndi galimoto zitatu zikudikira mapaipi.

"Ungayambe Lolemba?"

Ndinamufunsa ngati kampani yake ili ndi chilolezo cha boma cholembera anthu akunja ndi kuwaimira pa viza. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chichewa.

"Chilolezo chanji? Tilipo atatu basi, ine, mchimwene wanga ndi galu."

Ndinamufotokozera pang'ono. Anakanda ndevu, anati pepa mnzanga, zimenezo sangazithe, ndi za makampani akuluakulu. Anandigwira chanza mwamphamvu n'kunena kuti mapepala anga akadzakhala bwino ndidzamufune.

Analowa, analiza injini, mawindo a aneba ananjenjemera. Galimoto inatuluka m'galaja chobwerera, inakhota pageti mosavuta, inawongoka, n'kupita. Ndinatsitsa chitseko cha galaja n'kukwera masitepe. Pa bedi la madala panali masutikesi awiri otsegula, yawo ndi yanga, ndipo ndinayamba ndi yawo chifukwa imeneyo ndiyo inali ndi kopita.